Fumbi la pa Jombo

Matumba khumi ndi anayi a simenti
anasowa ku Makata usiku wa Lachinayi.
Mlonda ndinali ine, Welosi Makwinja,
wa chibonga ndi tochi yofooka.
Kutacha anapeza fumbi lotuwa pa jombo zanga.
Umboni wonse ndi umenewo:
fumbi,
ndi dalaivala wina amene akuti anaona
munthu wamtali cha kumpanda.

Mu ofesi ya abwana mlandu unatha tiyi asanazizire.
Iwo anayi pa mipando, ine chiimire.
Anati, kuno si kukhoti, bambo,
ife tikangoona kuti n'zotheka, zatha.
Kalata yondichotsa inali italembedwa kale.
Ndinaiona, kapu itaikhalira.

Kwa majisitireti jombo zinalowa m'pulasitiki,
atazimangirira kapepala ka nambala
ngati wodwala wa ku Gulupu.
Mayi woweruza sanathamange.
Anafunsa dalaivala uja: munaima pati?
Magetsi anali oyaka?
Anali atazima, bwana.
Nanga mu Blantyre muno amuna aatali alipo angati?
Kenaka anayang'ana wapolisi pamwamba pa magalasi:
munthu wolondera simenti,
mumafuna jombo zake zitute ufa wa mgaiwa?
Kumbuyo anthu anaseka.
Anati chikayiko chikatsala,
ngakhale chochepa ngati njere ya therere,
munthu sagona ku Chichiri.
Ndinatuluka, dzuwa linandiwawa m'maso.

Ndinkayesa ndayera.

Kumpingo kwathu ku Ndirande
akulu anakhala m'kachipinda ka kuseri kwa guwa.
Mwambo wathu, anatero a Mulipa, umafuna mboni ziwiri.
Dalaivala ndi mmodzi.
Fumbi si munthu, silingaimike dzanja.
Choncho mulibe mlandu, mbale.
Komabe mbale ya chopereka
ayambe agwirako ena,
kuti mitima ya anthu ikhale m'malo.

Kukhoti la apantchito andiuza kuti kuli sikelo ina.
Safuna chikayiko chonse chithe,
amangoona mbali imene yalemerako,
ngati mayi wogulitsa nyemba mu Limbe
akaponya kadzanja komaliza.
Akuti sadzafunsa kokha ngati ndinaba,
adzafunsanso ngati abwana anandipatsa mpata wolankhula.
Funso limenelo ndikulidikira ngati mvula.
Tsiku alisuntha katatu.
Kalaliki amandidziwa dzina tsopano,
amandipatsa moni asanandiuze kuti mubwerenso.

Koma bwalo lofulumira kuposa onse
lili pa mpopi, m'bandakucha,
pamene zidebe zimafola.
Kumeneko safuna pulasitiki kapena lumbiro.
Khonde la a Makwinja mwaliona kusalala?
Simentiyo anaitenga kuti?
Khondelo ndinaika zaka zitatu zapitazo,
matumba awiri, ndalama za chipereganyu.
Lisiti ndili nalo m'chikwama,
koma inki inauluka,
latsala pepala loyera ngati silinalembedwepo.
Ndikaonetse yani?

Esinala yekha sanandifunse kanthu.
Ndiye amandithowa msana ndi madzi otentha
chigwereni pa njinga ku Chirimba.
Akudziwa kuti chidebe chodzaza
sindingachichotse pansi,
nanji thumba la simenti, nanji khumi ndi anayi.
Umboni wake ndi umene uli woona kuposa wonse,
koma aliyense angoti,
mkazi wake, mumati anene chiyani?

Usiku tulo tikasowa ndimawerenga:
kwina ndine wakuba,
kwina sanandipeze ndi mlandu,
kumene sikufanana ndi kunena kuti sindinabe,
anandimasulira choncho loya wa boma pa khonde la khoti,
akuyang'ana wotchi.
Kwina ndine mbale, koma manja m'thumba.
Munthu yemweyo, usiku womwewo.

Jombo sanandibwezere.
Akuti zikadali m'chipinda cha katundu wa umboni,
pakati pa zikwanje ndi mawailesi a eni ake,
fumbi lija lili pomwepo, silinachuluke, silinachepe.
Ine ndimatsika Ndirande wapansi pa patapata
kukafunsa za tsiku langa,
ndipo pofika ku Ginnery Corner
mapazi amakhala atatuwa.